Anandituma ndikamusiyitse Tadala za ayezi

Lachiwiri lapitali ndinavala jekete langa la kutchalitchi pakati pa sabata. Mayi akunyumba atandipeza ndikulimbana ndi tayi pagalasi anafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinati ayi, ndikupita kukagwira ntchito ya umalume.

Amene munakulira kwathu ku Phalombe mukudziwa kuti malume sapita kukaweruza nkhani atavala yunifolomu ya kuntchito. Mukudziwanso kuti malume akatumidwa amayenera kubwerako ndi yankho.

Anandituma ndi achemwali anga aakulu, mayi ake a Tadala. Lamulungu titangoweruka kutchalitchi anandifulasha, ine n'kuthamangira pa kagolosale ka Mghana uja pa Seven Sisters, kuno ku London, kukagula khadi loimbira kumudzi. Moni sitinapatsane wokwanira.

"Achimwene, mwana wanu uja akufuna andiphe ndi BP," anatero. "Malo a unesi apezeka, iye akuti sakuwafuna. Akuti awonjezere zaka zina akuphunzira za ayezi. Ayezi yemweyu timaziziritsira zakumwa pa ukwati? Anthu akandifunsa ndiziti chiyani? Pitani mukamuuze asiye. Bambo ake ndi mkamwini, alibe mawu. Mbumba ndi yanu."

Nkhani yake ili chonchi. Tadala anabwera kuno ku London pa sikolashipu, kudzaphunzira za mapu ndi zithunzi zojambulidwa ndi setilaiti. Anakhoza bwino, moti aphunzitsi ake am'patsa mwayi wochita kafukufuku wa zaka zingapo, wolipiriridwa. Nthawi yomweyo amayi a kumpingo kwathu ku Tottenham, mwa chikondi chawo, anamukankha kuti afunsire malo a unesi, ndipo anam'tenga. Mbali zonse ziwiri zimafuna yankho pofika Lachisanu.

Ndisabise, pokwera sitima ya pansi pa nthaka ndinali kumbali ya achemwali. Ndagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Wembley zaka zambiri ndithu, ndipo ndikudziwa chimene chimasunga munthu m'dziko muno. Si nzeru ayi. Ndi ntchito imene boma limavomereza kuti ikusowa anthu. Mawu ndinali nditakonza kale, ndi mwambi womwe: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Tadala ndinamupeza kusukulu kwake, m'chipinda cha pansi pa nthaka, chopanda zenera, chodzaza makompyuta ndi makapu a tiyi wozizira. Munthu wophunzira za mapiri ataliatali, koma amaswera kudzenje ngati mbewa. Ataona jekete anaseka.

"Malume, jacket imeneyi ndiye ya milandu. Mayi akutumani eti?"

"Andituma."

"Chabwino. Khalani kaye pansi muone chimene mwabwera kudzandiletsa, then mundiletse."

Mwana ameneyu anali choncho kuyambira ali wamng'ono. Ukamutuma kuchigayo amayamba wafunsa kuti chigayocho chimazungulira bwanji.

Anandionetsa chithunzi cha mapiri a Karakoram, kumpoto kwa Pakistan, monga amaonekera uli kumwamba. Poyamba sindinaone kanthu, zoyera ndi zotuwa basi, zamakwinya okhaokha. Kenako analoza ndi pensulo. M'zigwa za pakati pa mapiriwo muli mitsinje, koma si ya madzi, ndi ya ayezi yekhayekha, wokhuthala kuposa msinkhu wa nyumba zosanjikizana za m'tauni muno. Sinowo akagwa chaka ndi chaka osasungunuka, amapanikizana mpaka kulimba, ndiye kulemera kwake kumamukankha kuti azitsetsereka. Mitsinje imeneyi imayenda ndithu, koma pang'onopang'ono, moti ukhoza kukhala m'mbali mwake tsiku lonse osaona kuti yasuntha.

"Mitsinje imeneyi timati ma glacier, ndipo ambiri amayenda choncho moyo wawo wonse," anatero Tadala. "Koma alipo ena amisala. Amagona zaka makumi, anthu n'kuiwala. Kenako amangodzuka n'kuyamba kuthamanga. Timati surge. Taonani apa."

Anadina batani, chithunzi n'kusintha. Malo anali omwewo, koma patapita zaka zochepa. Anabweza choyamba chija, n'kudinanso, kuti maso anga okalamba agwire kusiyana kwake. M'chithunzi choyamba mtsinje wa ayezi unathera kumtunda kwenikweni, m'kachigwa kakekake. M'chachiwiri unali utatsika, watulukira m'chigwa chachikulu n'kugona chopingasa pa mtsinje wa madzi, ngati ng'ombe yogona pamsewu. Kuseri kwake kunali kadontho kakuda.

"Kadontho aka n'chiyani?"

"Nyanja, malume. Madzi atsekeredwa njira, ndiye akungochuluka. Koma ayezi si simenti. Tsiku lina madziwo amaboola pansi, onse n'kutsika nthawi imodzi."

"Nanga timabokosi tobiriwira tili kumunsiti?"

"Minda. Tirigu, mbatatesi, mitengo ya zipatso. Apa pali mudzi, apa pali wina."

Ndinavula magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi, n'kuvalanso. Minda yake inali ing'onoing'ono, yopanikizana m'mbali mwa mtsinje, monga madimba a kwathu.

Ndinafunsa kuti iye, ali kudzenje ku London, amadziwa bwanji kuti chinthu chayamba kuthamanga ku Pakistan. Anandionetsa. Amasankha chimwala chachikulu ngati tchalitchi chimene chakwera pamsana pa ayezi, kapena mng'alu wooneka bwino, n'kukachifunafuna m'chithunzi china chimene setilaiti inajambula itadutsanso pomwepo. Akachipeza amayeza kuti chasuntha bwanji. Amatero ndi miyala yambirimbiri, kompyuta ikumuthandiza. Mitambo ikaphimba pa tsiku limene setilaiti ikudutsa, basi, chithunzi chapita, adikire ulendo wina. Pamsana pa ayezipo pamakhalanso mizere yakuda ya miyala. Ikakhala yowongoka ndiye kuti mtsinjewo ndi wofatsa. Ikakhala yopindikapindika ndiye kuti unathamangapo kale, ndipo sunasiye khalidwelo.

Nanga chimaudzutsa n'chiyani? Akuti mwina madzi amene amasonkhana pansi pake n'kuutereretsa, mwina nthaka ya pansiyo ikafunda n'kufewa. Chodabwitsa china n'chakuti m'mapiri ambiri a dziko lapansi ayezi akubwerera m'mbuyo, koma kumeneku wina akutsogola.

"Sitikudziwa bwinobwino, malume," anatero. "That's why pakufunika munthu woti akhale pansi n'kumayang'ana."

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindinkadziwa kuti pa zimenezo munthu angalandirepo digiri.

Komabe ndinali nditatumidwa. Ndinakonza kukhosi n'kunena zonse, za mapepala okhalira muno, za ntchito, za mayi ake amene sakugona tulo, ndi fodya wa pamphuno uja. Ndinamufunsanso funso limene inu nonse mukanafunsa. Kwathu kulibe ayezi. Pa Sapitwa pamazizira, inde, koma palibe mtsinje wa ayezi. Mwana wa ku Phalombe, za ku Pakistan zikumukhudza pati?

Anaika pensulo pansi.

"Malume, m'mawa uja wa Napolo inu munali kuti?"

Ndinali ku Zomba, kusukulu kumene ndinkaphunzitsa. Ndinafika madzi ataphwa kale. Kwa inu amene simuli a kwathu, Napolo ndi dzina limene timapatsa chigumula chochokera m'phiri. Mvula ikagwa masiku osakata, phiri limang'ambika, matope, mitengo ndi miyala n'kutsika pamodzi. Akale ankati ndi chinjoka chikusamuka. Chaka chimenecho phiri la Michesi linang'ambika anthu ali m'makomo ndi m'madimba. Tadala anali kamwana ka sitandade thu. Mayi ake anamukoka dzanja mpaka pa chulu chachikulu cha kuseri kwa nyumba. Mzime m'banja mwathu, Esinta, anali atatsikira kudimba kukathyola ndiwo. Sitinamupeze. Tinakhala maliro opanda mtembo, ndipo kuyambira pamenepo achemwali satchula dzina lake.

"Ine ndimakumbukira phokoso," anatero Tadala, "ngati malole ambiri akubwera limodzi. Ndimakumbukiranso kuti dzulo lake phirilo linkangooneka monga mwa masiku onse. Palibe anatiuza kanthu, because panalibe amene amaliyang'anira."

Ndinamufunsa kuti, "Ndiye makinawa akanakhalapo, mayi ako aang'ono akanapulumuka?"

"Ayi malume, ndisakunamizeni. Wathu uja anali wa mvula, uyu ndi wa ayezi, si chinthu chimodzi. Ngakhale lero sindinganene tsiku limene phiri lidzagumuke. Koma kuwerenga phiri uli kumwamba, kuona pamene payamba kusuntha anthu a pansi asanadziwe, zimenezo ndiye ndikuphunzira. Funding ilipo ndi ya ayezi, ndiye ndiyambira pa ayezi. Michesi sathawa."

Akanandinamiza kuti kompyuta yake ikhoza kuimitsa Napolo, ndikanamuuza pomwepo kuti atenge unesi. Chinandigonjetsa ndi "ayi" ameneyo.

Tsono ndiloleni ndilankhule nanu, abale anga a kuno ku Mangalande.

Kodi tinapangana liti kuti Mmalawi aliyense wotsika ndege pa Heathrow akhale nesi kapena wosamalira okalamba? Msonkhano wake unachitikira kuti, ine osaitanidwa? Munthu sanamasule n'komwe chikwama, ife tayamba kale kumulangiza: "Za kwanu zija iwalani, kuno ndi care." Pa shifiti yanga pali bambo amene ankayang'anira nkhalango yonse yathunthu kwathu, ndi mayi amene ankapima nthaka ya alimi. Ine ndemwe ndinkaphunzitsa mbiri yakale, lero ndimameta ndevu agogo a eni ake.

Musandimve molakwa, ntchito imeneyi sindiinyoza. Yatidyetsa, yaphunzitsa ana a abale athu, yafolera nyumba ndi malata, yatumiza mitembo ya anzathu kumudzi. Manesi athu agwiriziza zipatala za muno, ndipo kwa amene ali ndi mtima wake palibe ntchito yoposa imeneyi. Ife akuluakulu tinalowa chifukwa khomo lotseguka linali lomwelo. Koma tinavutikiranji ngati ana athunso tiziwakankhira pa khomo lomwelo, ena atawatsegukira?

Tamvetserani kutchalitchi nthawi yodziwitsa anthu. "Uyu ndi mwana wa a uje, akupanga nursing." Nthungululu mpaka kudenga. "Uyu akupanga research." Zii. Poweruka mayi wina amamugwira dzanja mwachisoni ngati wodwala: "Musadandaule, tizikupemphererani mpaka mupeze ntchito."

Ndiye mawa phiri likang'ambika, kapena Shire akasefukira, timadikira mlendo atsike ndege ndi chikwama cha mapu, adzatifotokozere phiri limene tinabadwira patsinde pake. Akachoka timang'ung'udza kuti bwanji odziwa zinthu ndi alendo okhaokha. Wathu amene akanadziwa tinamusiyitsa tokha, pa foni, Lamulungu masana.

Anthu a m'midzi ya ku Karakoram sindiwadziwa, chilankhulo chawo sindichimva. Koma kugona patsinde pa phiri losadalirika ndikukudziwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo kwa ife chinafika kale. Ngati mwana wa ku Phalombe angathandize kuti mayi wina kumeneko auzidwe kuti sabata ino asatsikire kudimba, ine sindikuonapo manyazi oti achemwali abise kwa anzawo.

Lachitatu, nthawi ya tiyi kuntchito, nkhaniyi ndinawakambira bambo a nkhalango aja. Ndimayembekeza kuti andiuza zimene tonse timauzana. Anatakasa tiyi wawo nthawi yaitali, shuga atasungunuka kalekale.

"Musiyeni apite," anatero. "Ine mpaka pano mitengo ndimailota. Ndikadzuka ndi nthawi ya shift."

Belu la m'chipinda china linalira, ananyamuka, tiyi osamumwa.

Mantha a achemwali si opusa, ndipo amene angawaseke sanalerepo mwana. Kafukufuku akhoza kutha ntchito osaoneka. Mapepala akhoza kuvuta. Kwathu ofesi yolemba ntchito munthu wowerenga mapiri mwina kulibe. Zonsezi ndinazitembenuza m'basi kuchokera ku Wembley mpaka ku Tottenham, ndipo palibe chimene ndinachipezera yankho. Chimene ndinaona n'chakuti umalume taupatsa ntchito imodzi yokha, yoletsa. Malume timamukumbukira mwana akafuna kukwatiwa ndi munthu wokayikitsa, akathawa sukulu, akalakwira anthu. Koma mwini mbumba weniweni ndi amene amaima kutsogolo n'kunena kuti uyu ndi wanga, chikam'gwera chandigwera ine. Mbali imeneyo ya umalume tinaisiya pa bwalo la ndege.

Lachinayi nditaweruka ndinagula khadi lina.

"Mwamuuza?" anafunsa achemwali.

"Ndapita, ndamuona, ndamva. Sindinamuletse."

"Ine ndinatuma malume, kapena ndinatuma mnzake wosewera naye?"

"Munatuma malume. Munati mbumba ndi yanga, ndiye ndagamula kuti apitirize. Zikadzavuta musadzanene iye, mudzanene ine. Kachipinda kathu kaja kalipo, sadzagona panja."

Analankhula zambiri, zina sindingazilembe munyuzipepala. Anandikumbutsa ana a anzawo amene anamvera makolo, lero akumanga ku Migowi. Anati London wandisokoneza mutu. Ndinawasiya mpaka mpweya uwathere. Kenako ndinawafotokozera za ng'ombe yogona pamsewu ija, za kadontho kakuda, ndi za minda ya kumunsi. Ndinati mwanayu sakuphunzira ayezi wa pa ukwati, akuphunzira kuyang'anira phiri chifukwa cha anthu ogona pansi pake. Ndinati zimenezi anayamba kuziganiza ali pa chulu paja, inu mutamugwira dzanja, tsiku limene tinataya Esinta.

Foni inangoti zii. Ndinayesa khadi latha. Kenako ndinamva mbuzi ikulira chapatali, kumudzi, ndiye ndinadziwa kuti akadalipo.

"Musamutchule," anatero, mawu ali pansi.

"Ndamutchula kale, achemwali. Mwana wanu sanamuiwale, kungoti amaopa kukuuzani."

Ine misozi inali italengeza, ndipo sindichita nazo manyazi kulemba zimenezi. Dzina limeneli linali lisanamveke pakati pa awirife kuyambira Tadala ali ku pulayimale.

"Kumapiri kwakeko adzapitako?" anafunsa achemwali.

"Akuti mwina chaka chamawa, akaone ndi maso zimene amaona pa kompyuta."

"Sindinavomere, mumve bwino," anatero. "Koma ngati ndi choncho mumugulire jekete lenileni. Osati ngati lanu lija mumajambulitsa nalo, lopyapyala ngati..."

Khadi linathera pomwepo, moti mpaka pano sindikudziwa kuti jekete langa ndi lopyapyala ngati chiyani.

Dzulo Lachisanu Tadala wayankha mbali zonse ziwiri. A unesi wawathokoza mwaulemu, kuti malowo apatse wina amene akuwalakalaka, ndipo oterowo alipo ambiri. Aphunzitsi ake wawauza kuti inde. Lero masana tikupita limodzi kukayang'ana majekete, monga mwa lamulo la mayi ake amene sanavomere.

Mawa kutchalitchi, nthawi yodziwitsa anthu ikakwana, ndidzaimirira ndi jekete langa lopyapyalalo. Ndidzamuimika Tadala kutsogolo n'kunena kuti uyu ndi mwana wa achemwali anga, mbumba yanga, amayang'anira mapiri. Nthungululu zikapanda kumveka, mayi akunyumba alonjeza kuti ayamba okha.

Nanga inu a pa mpando wakumbuyo, amene mwana wanu anatsika ndege ndi nzeru za nsomba, za nyenyezi kapena za miyala, lero ali pa shifiti chifukwa munamuuza ndinu, mudzawathandiza mayiwa kuimba, kapena mudzayang'ana pansi?